Mmene mungapezere buku loyenera lokonzera galimoto yakale ya liwiro

Anthu ambiri amene ali ndi galimoto yakale ya liwiro, ya mipando iwiri ija, amalephera pa chinthu chimodzi asanagwire n'komwe sipanala. Amagula buku, kapena amalitsitsa pa intaneti, chifukwa choti pachikuto pake palembedwa dzina la galimoto yawo, koma akatsegula boneti amapeza kuti zithunzi za m'bukumo sizikugwirizana ndi zimene maso awo akuona. Waya amene buku likuti ndi wofiira amapezeka kuti ndi wobiriwira, chipangizo chimene chajambulidwa kumanzere chimapezeka kumanja, ndipo bawuti yomangidwa motsatira nambala ya m'bukumo imaduka kapena imayamba kumasuka yokha galimoto ili pamsewu. Nthawi zambiri bukulo silikhala labodza ayi. Limakhala buku labwinobwino, koma la galimoto ina imene yangofanana dzina ndi yanuyo.

Malangizo awa atenga Mazda MX-5 yoyambirira, imene inapangidwa kuyambira 1989 mpaka 1997, ija nyali zake zakutsogolo zimadzuka zikayatsidwa. Galimotoyi inagulitsidwa ndi mayina atatu: ku America inkatchedwa Miata, ku Ulaya ndi ku Australia inkatchedwa MX-5, pamene kwawo ku Japan inkatchedwa Eunos Roadster. Popeza magalimoto ambiri ogwirapo kale ntchito amene amafika ku Malawi ndi ku Zambia amachokera ku Japan, n'kutheka kuti yanu ndi Eunos, chonsecho mabuku ambiri a Chingerezi analembedwera magalimoto a ku America ndi a ku Britain. Njira yomweyi ingathandizenso amene ali ndi Toyota MR2, Nissan 300ZX, imene ku Japan imatchedwa Fairlady Z, kapena MGB ya ku Britain.

Zofunika kukonzeratu

Musanayambe kufufuza, sonkhanitsani zinthu izi:

- Tochi yowala bwino, nsanza ndi parafini pang'ono, zopukutira manambala amene akwiririka ndi fumbi ndi oyilo.
- Foni ya kamera yabwino yokhala ndi bandulo yokwanira, chifukwa mabuku ena ndi aakulu kwambiri powatsitsa.
- Blue book ya galimotoyo pamodzi ndi mapepala onse amene inabwera nawo kuchokera kunja, makamaka export certificate ndi pepala la ku okushoni ngati zilipo.
- Kope ndi cholembera, chifukwa manambala amenewa muzifunsidwa kangapo.
- Flash disk kapena memory card yosungiramo zimene mwatsitsa.
- Njira yolipirira kunja, monga khadi ya ku banki ya Visa kapena Mastercard, apo ayi wachibale wa ku South Africa kapena ku Britain amene angakugulireni buku n'kupatsira munthu wobwera kumudzi.

1. Werengani nambala ya chasisi pa galimoto penipeni

Tsegulani boneti n'kuyang'ana pakhoma lachitsulo limene limalekanitsa injini ndi mokhala anthu. Pamenepo pamakhala kachitsulo kolembedwa za galimotoyo, ndipo nambala ya chasisi imadindidwanso pakhoma lomwelo. Pukutani bwino, unikani ndi tochi kuchokera chammbali kuti zilembo zituluke, jambulani ndi foni, kenako lembani m'kope. Yerekezerani ndi imene ili mu blue book, ndipo ngati zasiyana ngakhale pa chilembo chimodzi, pofufuza buku tsatirani ya pachitsulo.

Nambalayi imakuuzani kumene galimoto inapangidwira kuti ikagulitsidwe. Ngati ikuyamba ndi NA6CE, n'kubwera kamzere ndi manambala 6, ndiye kuti ndi ya ku Japan ya injini ya 1.6, imene kukula kwake kwenikweni ndi 1598cc. Ikayamba ndi NA8C ndi ya ku Japan ya injini ya 1.8, ya 1839cc. Ya ku Ulaya imakhala ndi zilembo ndi manambala 17 ndipo imayamba ndi JMZ, pamene ya ku America imayamba ndi JM1. Mukaona NB6C kapena NB8C, dziwani kuti imeneyo ndi ya m'badwo wachiwiri umene unayamba mu 1998, ndipo buku lake ndi lina.

Chenjezo: mawebusaiti ambiri amafuna nambala ya zilembo 17 ndipo amakana nambala yaifupi ya ku Japan. Musayese kuwonjezera maziro kuti ikwane, chifukwa mudzalandira yankho la galimoto imene kulibe. Pitani pa mawebusaiti a masipeya amene amalandira nambala ya ku Japan, monga Amayama ndi Partsouq, ndipo mulembe nambalayo ndi kamzere kake komwe.

2. Pezani chaka chimene galimoto inapangidwa

Chaka cholembedwa m'mapepala a galimoto nthawi zina chimakhala chimene inalembetsedwa koyamba, osati chimene inatuluka ku fakitale, ndipo zaka ziwirizi zimatha kusiyana. Pa galimoto yochokera ku America chaka cha modelo yake chili pa chilembo cha nambala 10 cha nambala ya chasisi: L ndi 1990, M ndi 1991, N ndi 1992, P ndi 1993, R ndi 1994, S ndi 1995, T ndi 1996, ndipo V ndi 1997. Lamulo limeneli musaligwiritse ntchito pa ya ku Japan. Pa imeneyo yang'anani kansalu kosokedwa kumapeto kwa lamba wa pampando, kamene kamakhala ndi chaka chimene lambayo anapangidwa, ndipo kawirikawiri chimayenderana ndi cha galimoto ngati malambawo sanasinthidwepo.

Mapepala a ku okushoni ndi zomata za ku galaja za ku Japan amalemba zaka mowerengera ulamuliro wa mfumu yawo. Chilembo H chikuimira nyengo ya Heisei imene inayamba mu 1989, choncho pa nambala imene mwaona muwonjezerepo 1988: H3 ndi 1991, H7 ndi 1995. Pa magalimoto akale kuposa apa mupeza chilembo S cha nyengo ya Showa, ndipo pamenepo muwonjezere 1925.

Zimenezi zingaoneke ngati kudzivutitsa chabe, koma taonani chitsanzo chimodzi. Injini za 1.6 zoyambirira, kufikira chapakati pa 1991, zinali ndi crankshaft ya mphuno yaifupi, ndipo bawuti yaikulu imene imagwira pulley yakutsogolo imamangidwa pa mphamvu ya pafupifupi 110 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yomangira bawuti). Mazda itasintha n'kuika mphuno yaikulu, bawuti ya pamalo omwewo inayamba kumangidwa pa pafupifupi 160 Nm. Munthu akatenga nambala yaikuluyo n'kumangira injini yakale angathe kudula bawuti, ndipo akatenga yaing'onoyo n'kumangira injini yatsopano, pulley imayamba kugwedera n'kudya mpata wa kiyi, kachitsulo kamene kamagwira pulley kuti isaterereke pa crankshaft, mpaka galimoto imatha mphamvu pang'onopang'ono popanda wodziwa chifukwa chake. Njira yosavuta yosiyanitsira ndi kuwerenga mipata ya pa pulley yoyambirira ya ku fakitale: ikakhala 4 ndi ya mphuno yaifupi, ikakhala 8 ndi ya mphuno yaikulu.

3. Tsimikizani kuti injini ndi yomwe inabwera ndi galimoto

Galimoto imene yatha zaka 30 yadutsa m'manja ambiri, ndipo si zachilendo kupeza injini ya 1.8 m'galimoto imene chasisi chake chikuti 1.6. Imani kutsogolo n'kuyang'ana kumbuyo kwa injini, pafupi ndi khoma lija, pamene pali kachipangizo kozungulira kotchedwa cam angle sensor. Pa 1.6 kamakhala kumbali yolowera mpweya, pamene pa 1.8 kamakhala kumbali ya ekizozi. Yang'ananinso choyezera mpweya chimene chili pamwamba pa bokosi la air filter: cha 1.6 ndi chachikulu, chachitsulo, chokhala ndi kachitseko kogwedera m'kati, pamene cha 1.8 ndi chaching'ono ndipo chilibe kachitsekoko.

Ngati injini ndi chasisi sizikugwirizana, mufunika mabuku awiri, lina la injini ndi lina la mabuleki, dififu ndi mawaya a thupi la galimoto. Kumbukirani kuti ya 1.8 inabwera ndi mabuleki aakulu ndi dififu yaikulu kuposa ya 1.6, kotero miyeso ya zinthu zimenezi simungaitenge m'buku la injini yobwerekayo. Lembaninso m'kope ngati giyabokosi ndi ya manyuwo kapena ya otomatiki, komanso ngati galimoto ili ndi power steering, ABS ndi eyakoni.

4. Sankhani mtundu wa buku umene mukufuna

Mabuku okonzera galimoto alipo a mitundu ingapo, ndipo palibe limodzi limene limakwanira pa zonse.

Kabuku kamene kamakhala m'galimoto, kotchedwa owner's manual, kamangouza mwini wake za mpweya wa m'matayala, mtundu wa oyilo, mafyuzi ndi tanthauzo la nyali za pa dashibodi. N'kofunika kukhala nako, koma simungaphwasulire injini.

Buku la ku fakitale, limene limatchedwa workshop manual kapena service manual, ndi limene Mazda inalembera amakaniko a m'magalaja ake. Ndi lalikulu, ndipo linagawidwa ndi zilembo: B ndi ya injini, F ndi ya mafuta ndi utsi, P ndi ya mabuleki, pamene TD yasonkhanitsa miyeso yonse pamodzi. Pa nkhani ya manambala ndi lodalirika kuposa ena onse. Kuipa kwake n'koti limaganiza kuti wowerenga ndi makaniko wophunzira kale, amene ali ndi zida zapadera za kampaniyo, choncho limangoti chotsani chakuti popanda kufotokoza mmene dzanja lingafikire pamenepo. Chinanso choyenera kudziwa n'choti makampani a ku Japan ankakonda kusindikiza buku lalikulu kamodzi, kenako n'kumatulutsa timabuku towonjezera, totchedwa supplement, tokhala ndi zokhazo zimene zasintha. Munthu amene wagula kowonjezerako kokha amadabwa kuti m'kati mulibe ngakhale njira yosinthira kilachi.

Zojambula za mawaya, zotchedwa wiring diagram, nthawi zambiri zimakhala buku lapadera, ndipo apa ndi pamene chaka ndi dziko zimafunika kulondola kwambiri. Injini ya Eunos ndi ya Miata ya chaka chimodzi zimafanana pa zambiri, koma mawaya ake amasiyana. Ngati vuto lanu ndi la magetsi, yambani kufuna buku limeneli musanafune lina lililonse.

Kenako pali mabuku a makampani ena, monga Haynes ya ku Britain ndi Chilton ya ku America. A Haynes amalembedwa pambuyo poti galimoto yeniyeni yaphwasulidwa ndi kumangidwanso, ndipo amakhala ndi zithunzi za ntchito iliyonse, kotero munthu wongoyamba kumene amawamva mosavuta. Koma amaunjika zaka zambiri m'buku limodzi, moti zosiyana zing'onozing'ono zimatha kubisala m'ndime imodzi imene munthu wothamanga saiona, ndiponso za m'kati mwa giyabokosi amazidumpha n'kukuuzani kuti mupite kwa katswiri. Mu 2020 kampaniyi inalengeza kuti yasiya kusindikiza mabuku apepala a magalimoto atsopano, koma a magalimoto akale inapitiriza kuwagulitsa. Pa MX-5 palinso mabuku awiri a Rod Grainger osindikizidwa ndi Veloce, lina la 1.6 ndi lina la 1.8, amene analembedwera munthu wokonza yekha galimoto pakhomo. Amene ali ndi magalimoto akale a ku Britain kapena ku Germany ayang'ane mabuku a Brooklands Books ndi a Bentley Publishers.

Kwa munthu amene akufuna kusamala galimotoyi kwa zaka, maganizo anga ndi oti akhale ndi zinthu zitatu: buku la zithunzi lomuonetsa njira, buku la ku fakitale lotsimikizira manambala, ndi zojambula za mawaya za chaka ndi dziko la galimoto yake. Ngati ndalama zikukwanira chimodzi chokha ndipo ntchito amagwira ndi makaniko wodziwa, la ku fakitale ndi limene lingathandize kwambiri, chifukwa makaniko amadziwa kale kumasula, chimene amasowa ndi miyeso.

5. Fufuzani ndi mawu oyenera

Polemba mu Google kapena pa eBay, Amazon ndi AbeBooks, musangolemba dzina la galimoto. Phatikizani dzina, zilembo za chasisi, chaka ndi mtundu wa buku, mwachitsanzo Eunos Roadster NA6CE workshop manual, kenako muyesenso ndi mayina ena awiri aja, popeza buku lomwelo wogulitsa wina amalilemba kuti Miata pamene wina amalilemba kuti MX-5. Mukapeza buku losindikizidwa limene lakusangalatsani, lembani nambala yake ya ISBN imene imakhala kuchikuto chakumbuyo, ndipo mufufuzenso pogwiritsa ntchito nambalayo kuti muyerekezere mitengo. Nambalayi ndi imenenso muyenera kutumizira wachibale amene akukugulirani, chifukwa mukangomuuza dzina la galimoto angakubweretsereni la m'badwo wina.

Pa galimoto ya chiwongolero cha kumanja, buku la ku Britain kapena la ku Australia ndi loyandikira kuposa la ku America. Ku Britain kunalowa ma Eunos ambiri ogwirapo kale ntchito, choncho mabungwe a eni magalimoto a kumeneko, monga MX-5 Owners Club, amadziwa bwino kusiyana kwa Eunos ndi MX-5, ndipo ndi malo abwino ofunsira ngati buku lakuti lingagwire pa galimoto yanu.

Mabuku enieni a Eunos ndi a Chijapani, ndipo amapezeka kwambiri pa Yahoo! Auctions ya ku Japan, kumene munthu wakunja amagula kudzera mwa makampani oimira ogula monga Buyee. Musawaope chifukwa cha chilankhulo. Manambala, zojambula ndi zilembo za mitundu ya mawaya zimawerengeka popanda womasulira, ndipo kamera ya Google Translate imathandiza pa mawu otsalawo.

Chenjezo: buku la ku fakitale ndi lolemera, ndipo ndalama zotumizira zimatha kupitirira mtengo wa buku lenilenilo. Funsani mtengo wonse mpaka kufika kwanu musanalipire.

6. Liyeseni buku musanapereke ndalama

Pemphani wogulitsa kuti akutumizireni zithunzi za masamba atatu: chikuto, tsamba loyamba limene limatchula magalimoto amene bukulo likukhudza, ndi tsamba la zamkatimu. Tsamba lotchula magalimotolo ndi limene lili ndi yankho, chifukwa limatchula zaka, injini, ndipo nthawi zina ndi zimene bukulo silikukhudza. Werengani mzere wa zosakhudzidwawo kawiri. Wogulitsa akakana kutumiza zithunzizi, msiyeni.

Ngati buku ndi la PDF, onani kuchuluka kwa masamba. Buku la ku fakitale lathunthu limakhala ndi masamba mazanamazana, choncho la masamba 60 ndiye kuti ndi kowonjezera kaja kapena ndi chidutswa chabe. Tsegulani tsamba la zojambula za mawaya n'kulikulitsa pa foni. Ngati zilembo zing'onozing'ono za pambali pa mawaya sizikuwerengeka, bukulo silingakuthandizeni pa magetsi. Onaninso ngati zigawo zonse zotchulidwa pa tsamba la zamkatimu zilipodi, popeza amene amajambula mabuku akale pa makina amatha kudumpha chigawo chathunthu.

Chenjezo: fayilo imene dzina lake likutha ndi .exe si buku, ndipo ingathe kuwononga kompyuta yanu. Webusaiti imene ikuti buku ndi laulere koma ikufuna manambala a khadi yanu ya ku banki, itsekeni nthawi yomweyo. Dziwaninso kuti mabuku a Haynes, Chilton ndi Veloce ali ndi eni ake amene akuwagulitsabe, ndipo makope otsika mtengo kwambiri amene amatsatsidwa pa intaneti nthawi zambiri amakhala okopera mopanda chilolezo.

7. Litengereni buku pa galimoto n'kuyerekezera

Buku likafika, musayambe ndi ntchito yaikulu. Tsegulani boneti n'kuyesa zinthu zitatu zimene sizifuna kumasula kanthu. Choyamba, yerekezerani chithunzi cha injini yonse ndi zimene mukuona. Chachiwiri, ngati kuseri kwa boneti kudakali chomata cha ku fakitale, onani ngati manambala ake akugwirizana ndi a m'buku. Pa injini ya 1.6 mupeza kuti timing ndi madigiri 10 ndipo injini ikangolira yosaponda imazungulira pafupifupi 850 pa mphindi. Chachitatu, sankhani pulagi imodzi ya mawaya yosavuta kufikira, werengani mawaya ake ndi mitundu yawo, n'kuona ngati chojambula chikunena zomwezo. Pa zojambula za Mazda, B ndi wakuda, L ndi wabuluu, W ndi woyera, ndipo zilembo ziwiri zolekanitsidwa ndi kamzere, monga L/W, zikutanthauza waya wabuluu wokhala ndi mzere woyera. Ambiri amaona B n'kuyamba kufunafuna waya wabuluu.

Ngati buku lanu ndi la ku America, yembekezerani kusiyana pa malo angapo ndipo mukulembe m'mphepete mwa tsamba. Zonse zokhudza chiwongolero, mapedulo ndi master cylinder ya mabuleki zili mbali ina. Mawu oti mbali ya dalaivala akutanthauza kumanzere, pamene pa galimoto yanu ndi kumanja. Eunos ili ndi nyali ya pa dashibodi yolembedwa HEAT, imene imachenjeza catalytic converter ikatentha kwambiri, ndipo buku la ku America silikamba za imeneyo. Wotchi ya liwiro ya Eunos imathera pa 180 km/h.

Kusiyana kwakukulu kuli pa kuwerenga mavuto amene kompyuta ya galimoto yasunga. Magalimoto a ku America kuyambira a 1996 ali ndi pulagi ya OBD-II yolumikizira makina oyezera, ndipo buku lawo limakuuzani kuti muifune pansi pa dashibodi. Pa Eunos mungafune tsiku lonse osaipeza. Chimene chilipo ndi kabokosi kakang'ono kolembedwa DIAGNOSIS m'boneti, kumbali ya kumanzere. M'kabokosimo muli timabowo tokhala ndi mayina. Mumalumikiza TEN ndi GND ndi kawaya, n'kuika kanyali ka LED kokhala ndi resistor pakati pa FEN ndi B+, ndipo mukatsegula kiyi osaliza injini kanyaliko kamaphethira, inu n'kumawerenga. Samalani kuti kawaya kaja kasakhudze B+, chifukwa pamenepo pali moto wa batire. Buku limene likufotokoza njira imeneyi ndi kupereka tanthauzo la manambalawo ndi loyenera galimoto yanu pa nkhani ya magetsi a injini.

8. Sinthani miyeso ikhale ya mtundu umodzi

Mabuku a ku America amalemba mphamvu yomangira mabawuti mu lb-ft, a ku Ulaya amalemba mu Nm, ndipo akale a ku Japan amalemba mu kgf-m. Onani kaye zimene zalembedwa pa torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, imene mukugwiritsa ntchito. Kuti lb-ft ikhale Nm chulukitsani ndi 1.356, ndipo kuti kgf-m ikhale Nm chulukitsani ndi 9.8. Chenjerani kwambiri ndi lb-in, imene imalembedwa pa mabawuti ang'onoang'ono monga a chivundikiro cha pamwamba pa injini, chifukwa ndi yochepa ka 12 poyerekeza ndi lb-ft, ndipo amene wasokoneza ziwirizi amadula bawuti asanamve n'kulira kwa chidacho. Pa oyilo, quart ya ku America ndi malita 0.946 pamene ya ku Britain ndi malita 1.136.

Lembani m'kope tsamba limodzi la miyeso imene mumaifuna kawirikawiri, yonse mu Nm ndi malita, ndipo pambali pa uliwonse mulembe buku ndi tsamba limene mwautenga.

9. Sindikizani zofunika ndipo musunge bwino

PDF muisunge malo awiri, pa foni ndi pa flash disk. Musawononge ndalama posindikiza buku lonse. Sindikizani chigawo cha ntchito imene mukufuna kugwira, ndipo zojambula za mawaya muzisindikize pa pepala lalikulu la A3 n'kuziika m'pulasitiki, chifukwa manja a oyilo amamaliza pepala tsiku limodzi. Ngati galimoto ikupita ku galaja, kaya ndi ku Biwi ku Lilongwe kapena ku Ndirande ku Blantyre, pitani ndi masambawo n'kukhala pansi ndi amakaniko anu ntchito isanayambe. Aonetseni mwaulemu manambala a mabawuti ofunika, ndipo muwafunse ngati ali ndi torque wrench, chifukwa buku lolondola silithandiza kanthu ngati bawuti ikumangidwa ndi paipi yowonjezera pa sipanala. Buku lenilenilo musalisiye ku galaja.

Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Cholakwika chofala kwambiri ndi kugula buku la m'badwo wachiwiri chifukwa choti galimoto inalembetsedwa mu 1998. Onani nyali ndi zilembo za chasisi, osati chaka cha m'mapepala. Injini za mibadwo iwiriyi zimaoneka zofanana, koma ya m'badwo woyamba (NA) ili ndi ma lifter, tizipangizo tokankha mavavu, a hydraulic amene amadzisintha okha ndi oyilo, pamene ya wachiwiri (NB) ili ndi olimba amene mpata wake umayezedwa ndi kusinthidwa ndi tizitsulo topyapyala totchedwa ma shim. Munthu wa NA amene watenga buku la NB amataya tsiku akuyeza mpata umene sufunika kuyeza, pamene kugogoda kumene akumvako mwina kukungofuna oyilo watsopano woyenera.

Ena amaganiza kuti 1.6 iliyonse ndi imodzi. Ku Ulaya Mazda inabweretsanso injini ya 1.6 mu 1995, koma yochepa mphamvu kuposa yoyamba ija, ndipo amene agula galimoto yochokera ku Britain ayenera kuona ngati buku lawo likutchula imeneyo. Chimodzimodzinso NA8C ya ku Japan inasinthidwa mu 1995, ndipo kompyuta ya injini inali m'gulu la zosinthidwazo, kotero chojambula cha mawaya cha 1993 chingakusocheretseni pa galimoto ya 1996.

Palinso amene amatenga manambala m'mavidiyo a pa YouTube m'malo mwa buku. Vidiyo ndi yabwino poonetsa mmene dzanja limalowera ndi dongosolo la kumasula, koma wojambulayo kawirikawiri satchula chaka ndi dziko la galimoto yake. Njira muionere pa vidiyo, koma nambala muitenge m'buku. Mabuku awiri akasiyana pa nambala imodzi, tsatirani la ku fakitale la chaka cha galimoto yanu, ndipo muone ngati palibe kowonjezera kamene kanasintha nambalayo.

Cholakwika china ndi kutsatira buku pa nthawi yosinthira zinthu ngati kuti galimoto ikuyenda m'misewu ya kumene bukulo linalembedwa. Mabuku a ku fakitale amakhala ndi ndondomeko ziwiri, ya kayendedwe wamba ndi ya malo ovuta monga a fumbi ndi maulendo aafupiafupi, ndipo kwa ambiri a ife yachiwiriyo ndi imene ikutikhudza, makamaka pa oyilo ndi air filter. Pa timing belt buku limapereka makilomita pafupifupi 100,000, koma galimoto zoterezi zimakhalitsa zili chiimire, ndipo labala amakalamba ngakhale galimoto isakuyenda. Ngati palibe chomata kapena lisiti yosonyeza tsiku limene lambayo anasinthidwa, musinthe, ndipo musanagwire bawuti ya pa pulley ija muwerengenso mipata yake kuti mudziwe nambala imene muyenera kutsatira.